Kukonza zolakwika za Linux ndi zipangizo za ku Katuli

Kukonza zolakwika za Linux ndi ntchito yofufuza mavuto, kulemba zigamba zowatseka, kuziyesa ndi kuzigawa kwa onse ogwiritsa ntchito Linux, yomwe ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta ndi mafoni. Linux ili m'gulu la mapulogalamu otseguka, kutanthauza kuti malangizo olembedwa amene amaipanga, otchedwa khodi, aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena. Ambiri ogwira ntchitoyi ali ku Ulaya, ku America ndi ku Asia, koma imakhudza ngakhale madera akumudzi ngati Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi, chifukwa foni iliyonse ya Android ili ndi Linux mkati mwake, ndipo maseva ambiri osunga mbiri ya odwala ndi ziwerengero za zipatala m'Malawi amayendera Linux yomweyo.

Pakati pa 2023 ndi 2025 panachitika zinthu zingapo zimene zachititsa anthu kuiyang'ananso ntchitoyi. Osamalira Linux anachepetsa zaka zimene amalonjeza kukonza mitundu yakale, munthu wina anatsala pang'ono kulowetsa khomo lobisika m'makompyuta ambirimbiri, ndipo boma la America linaimika thandizo limene linkalipira ena mwa akatswiri osamalira makompyuta a m'zipatala za kuno. Nkhani zonsezi zimabwerera pa funso limodzi: cholakwika chikakonzedwa kugwero, ndani amanyamula chigambacho kukachifikitsa pa chipangizo chimene chili m'manja mwa munthu wa ku Katuli, ndipo munthu wonyamulayo amalipidwa ndi ndani?

Linux ndi kumene imapezeka ku Katuli

Linux anaiyambitsa ndi Linus Torvalds, yemwe pa nthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Analengeza za ntchito yakeyo pa 25 Ogasiti 1991, ndipo mu 1992 anaiika pansi pa laisensi ya GPL, yomwe imalola aliyense kuisintha malinga ngati wogawira ena zosinthazo apereka ndi khodi yake yomwe. Chimene Torvalds anayamba ndi phata la pulogalamu, lotchedwa kernel, lomwe limalankhula ndi zitsulo za chipangizo: batire, sikirini, kamera, malo osungira zinthu ndi netiweki. Magulu ena amatenga kernel imeneyi n'kuiphatikiza ndi mapulogalamu ena kuti ikhale yathunthu. Ena mwa iwo ndi Debian, yomwe inayamba mu 1993, ndi Ubuntu, yomwe inatuluka koyamba mu Okutobala 2004 kudzera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina loti Ubuntu ndi liwu la zinenero za kumeneko lomwe m'Chichewa ndi umunthu.

Katuli ndi dera la mfumu yaikulu ya dzina lomwelo, kumtunda kwa mapiri a kum'mawa kwa nyanja, kufupi ndi malire a Mozambique. Anthu ambiri kumeneko ndi Ayao ndipo amadalira ulimi ndi malonda ang'onoang'ono. Monga madera ena a Mangochi, lili ndi achinyamata ambiri amene amapita ku South Africa kukasaka ntchito, ndipo foni ndi imene imalumikiza iwowo ndi abale otsala kumudzi. Mauthenga a WhatsApp, zithunzi za ana, ndalama za Airtel Money ndi TNM Mpamba, zonsezi zimadutsa pa foni. Foniyo ikakhala ya Android, kaya ndi itel, Tecno, Infinix kapena Samsung, pansi pa zonse zooneka pa sikirini pali kernel ya Linux. Mwini wake mwina sanamvepo dzinali, koma ndi yomwe imaletsa pulogalamu ya masewera kuwerenga mauthenga a ndalama.

Malo achiwiri ndi chipatala. Malipoti a mwezi ndi mwezi a zipatala zing'onozing'ono za boma, kuphatikizapo cha Katuli, amakalowa mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yopangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, yomwe Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito m'dziko lonse cha m'ma 2012. Opanga DHIS2 amalangiza kuti iziikidwa pa seva ya Ubuntu. Malo achitatu ndi sukulu: matabuleti a pulogalamu ya boma ya BEFIT, yomwe inayamba mu 2023 ndi cholinga chofika m'sukulu zonse za pulaimale za boma, amayendera Android.

Mmene cholakwika chimakonzedwera

Kumayambiriro kwa 2025 khodi ya kernel ya Linux inadutsa mizere 40 miliyoni. Mtundu watsopano umatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 iliyonse, ndipo uliwonse umakhala ndi zosintha zoposa 10,000 zochokera kwa anthu pafupifupi 2,000. Ambiri mwa anthuwa si ongodzipereka ayi, amalipidwa ndi makampani ngati Intel, Google, Red Hat ndi AMD. Milungu iwiri yoyambirira ndi yolandira zatsopano. Kenako khomo limatsekedwa, ndipo mlungu uliwonse Torvalds amatulutsa mtundu woyeserera, nthawi zambiri kasanu ndi kawiri, kuti zolakwika zipezeke mtundu weniweni usanatuluke.

Pa khodi yochuluka chonchi zolakwika sizingalephere. Akatswiri amazitcha ma bug. Zina zimachititsa kompyuta kuzima yokha, zina zimadya batire, zina zimawononga zinthu zosungidwa, ndipo zoopsa kwambiri ndi zimene zimapatsa mpata munthu wakunja kulanda chipangizo. Cholakwika chimadziwika m'njira zingapo. Wogwiritsa ntchito akhoza kudandaula kuti chinthu chimene chinkagwira dzulo lero chasiya. Makina oyesera okha, monga syzbot ya Google, amathira kernel malamulo osokonekera usana ndi usiku kuti aone pamene igwere. Palinso ofufuza za chitetezo amene amawerenga khodi mzere ndi mzere.

Ntchito yovuta kwambiri nthawi zambiri si kulemba chigamba, ndi kupeza pamene vuto linalowera. Apa amagwiritsa ntchito git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kulikonse, yomwe Torvalds analemba mu 2005. Ngati mtundu wakale unkagwira bwino ndipo watsopano sukugwira, wofufuza amayesa mtundu wa pakati pa awiriwo. Ukakhala wabwino, vuto lili mu theka lakutsogolo; ukakhala woipa, lili mu theka lakumbuyo. Amaduladula choncho mpaka kutsala kusintha kumodzi. Pa zosintha 13,000, kuyesa ka 14 kokha n'kokwanira kumupeza wolakwayo. Koma kuyesa kulikonse kumafuna munthu amene ali ndi chipangizo chenichenicho chimene chikuvuta, magetsi osazimazima, ndi nthawi. N'chifukwa chake zolakwika za m'maseva a makampani akuluakulu zimakonzedwa msanga, pamene za m'zipangizo zotsika mtengo zimakhalitsa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mu Linux amene amatsekula chitseko ndi amene vuto likumupweteka komanso ali ndi katswiri woti amutume.

Chigamba chikalembedwa chimatumizidwa kwa wosamalira gawo limenelo la kernel, ndipo anthu ena amachiwerenga ndi kuchitsutsa chisanalandiridwe. Wolemba amasainira dzina lake ndipo amatchula kusintha kwakale kumene akukonza. Pali lamulo limene Torvalds amaliumirira kwambiri, loti kusintha kwatsopano kusawononge chinthu chimene chinkagwira kale kwa ogwiritsa ntchito. Chikatero chimachotsedwa, ngakhale chikhale chanzeru bwanji.

Chigamba chikalowa mu mtundu waukulu ntchito sinathe, chifukwa zipangizo zambiri padziko siziyendera mtundu watsopanowo. Gulu lina, lotsogozedwa ndi Greg Kroah-Hartman ndi Sasha Levin, limatenga zigambazo n'kuzisokerera ku mitundu yakale imene ikusamalidwabe. Ndi ntchito yotopetsa ndithu. Khodi yakale ndi yatsopano zimakhala zitasiyana, ndiye chigamba chimene chinakwana bwino pa malaya atsopano chimayenera kudulidwanso kuti chikwane pa akale.

Zolakwika zina zimabisala zaka zambiri. Chodziwika kwambiri ndi Dirty COW, chomwe chinalengezedwa mu Okutobala 2016 chitakhala mu kernel kuyambira 2007, ndipo chinkalola pulogalamu wamba kudzipatsa mphamvu zonse pa chipangizo. China, cha mu gawo loyendetsa makamera a USB, chinalowa mu 2008 n'kukonzedwa kumapeto kwa 2024. Mu Febuluwale 2025 bungwe la Amnesty International linanena kuti zolakwika za m'magawo a USB zinagwiritsidwa ntchito potsekula foni ya wophunzira wina wochita zionetsero ku Serbia.

Osamalira ochepa, katundu wolemera

Mu Seputembala 2023, pa msonkhano wa ku Bilbao ku Spain, Jonathan Corbet, mmodzi wa osamalira kernel, anafotokoza kuti mitundu yosamalidwa nthawi yaitali izilonjezedwa zaka ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi. Chifukwa chimodzi chinali choti mitundu yakale kwambiri inalibe anthu okwanira oigwiritsa ntchito ndi kuiyesa, china chinali kutopa kwa osamalira. Mitundu ina aiwonjezerapo zaka pambuyo pake makampani atasonyeza kuti akuifuna ndipo athandiza kuiyesa. Kwa kampani imene imasintha maseva ake pafupipafupi nkhaniyi ndi yaing'ono. Kwa munthu amene foni yake iyenera kumutumikira zaka zisanu kapena kuposerapo, ndi yaikulu.

Nkhani ya xz inaonetsa kutopaku poyera. Xz ndi kapulogalamu kakang'ono kopanikiza mafailo, kamene kamapezeka pafupifupi mu mtundu uliwonse wa Linux. Kwa zaka zambiri ankakasamalira ndi munthu mmodzi, Lasse Collin, pa nthawi yake yopuma, osalipidwa. Kuyambira 2021 munthu wina wodzitcha Jia Tan anayamba kumuthandiza. Anatumiza zigamba zabwino, anakhulupiridwa, mpaka anapatsidwa mphamvu zotulutsa mitundu yatsopano. Mu mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1, yotuluka kumayambiriro kwa 2024, anabisamo khomo lolowera m'maseva popanda chilolezo. Amene analitulukira ndi Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, yemwe ankayesa zinthu zina n'kudabwa kuti kulowa mu seva kukuchedwa ndi theka la sekondi. Analengeza pa 29 Malichi 2024, khomolo lisanalowe mu mitundu yokhazikika ya Debian ndi Ubuntu.

Okonda mapulogalamu otseguka amati nkhaniyi ikusonyeza ubwino wake, poti khodi ikanakhala yobisika Freund sakanatha kulondola vutolo mpaka kugwero. Zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti linapezeka mwamwayi, ndipo linalowa chifukwa munthu mmodzi anasiyidwa yekha ndi katundu wa dziko lonse. Ichi n'chiyani nkulinga muli awiri, ndipo pa xz wachiwiri amene anabwera ndi amene anali wakubayo. Zofanana nazo zinaoneka mu Epulo 2014 pa cholakwika cha Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga a pa intaneti, pamene zinadziwika kuti zopereka zimene inkalandira pa chaka zinali pafupifupi madola 2,000 okha.

Ulendo wa chigamba kukafika pa foni

Pa foni ya Android chigamba chimadutsa m'manja ambiri. Chikachoka kwa osamalira kernel chimapita ku Google, yomwe ili ndi kernel yakeyake ya Android ndipo imatulutsa ndandanda wa zigamba za chitetezo. Kuchoka apo chimafika kwa opanga tchipu cha foni, monga MediaTek, Unisoc kapena Qualcomm, amene amawonjezera khodi yawo. Kenako chimapita kwa kampani imene dzina lake lili pa foni, yomwe iyenera kuchiyesa pa mtundu uliwonse wa foni n'kuchitumiza pa intaneti. Aliyense mwa awa akasiya, unyolo waduka, ndipo mwini foni sauzidwa.

Google yayesa kufupikitsa ulendowu. Mu 2017 inalekanitsa mbali ya Android ndi mbali ya opanga tchipu, ndipo kuyambira Android 12 mu 2021 inayamba kufuna kuti mafoni atsopano azigwiritsa ntchito kernel yofanana. Zathandiza, koma sizinasinthe nkhani ya ndalama. Kuyesa ndi kutumiza zigamba kumafuna malipiro a akatswiri, ndipo phindu la foni yotsika mtengo ndi lochepa. Google inalonjeza zaka 7 za zigamba pa Pixel 8 mu 2023, Samsung inalonjeza zomwezo pa Galaxy S24 mu 2024, koma amenewa ndi mafoni a anthu olemera. Mafoni otsika mtengo amalandira zigamba kwa nthawi yaifupi kwambiri. Ku mayiko a European Union, kuyambira pa 20 Juni 2025, lamulo likufuna kuti foni yatsopano izilandira zosintha kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene yasiya kugulitsidwa. Lamulolo limateteza wogula wa kumeneko. Foni yopangidwira msika wa Africa silimaikhudza.

Ku Katuli pali zopinga zinanso. Foni yochokera ku Joni kawirikawiri imafika itatumikira kale munthu wina, ndiye zaka zake zolandira zigamba zimakhala zitatha kapena zatsala pang'ono. Chigamba chikakhalapo, chimafuna bandulo. Zosintha zazikulu za Android zimatha kupitirira gigabaiti imodzi, ndipo munthu amene wagula bandulo ya tsiku kuti alankhule ndi mwana wake ku Johannesburg sangaithere pa chinthu chimene phindu lake sakuliona. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakwezanso mitengo ya mafoni atsopano, choncho akale akukhalitsa m'manja. Magetsi nawo ndi ochepa: pa kalembera wa 2018, nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi zinali zochepa kwambiri kuposa apo. Foni yotchajitsa pa sola kapena kolipira pa msika siikhala ndi moto wokwanira nthawi zonse, chonsecho mafoni ambiri amakana kuyamba zosintha batire ikakhala yotsika. Malo osungira zinthu akadzaza ndi mavidiyo, zosinthazo zimakanikanso.

Wokonza mafoni wa pa msika ndi amene ali pafupi kwambiri ndi ntchitoyi. Foni ikazizira pa chizindikiro cha kampani osapitirira, iye amaifulasha, kutanthauza kuikamo pulogalamu yake mwatsopano. Nthawi zambiri foni imadzuka. Koma failo imene waikamo ndi imene anaipeza pa intaneti kapena kwa mnzake, ndipo ikhoza kukhala yakale kuposa imene inalimo. Foni yachira, zolakwika zakale zabwerera.

Ngoziyi isakokomezedwe. Chinyengo chofala pa ndalama za pa foni m'Malawi ndi cha mauthenga ndi mafoni abodza onamiza munthu kuti atumize ndalama kapena aulule nambala yake yachinsinsi, ndipo chimenecho palibe chigamba cha kernel chingachiletse. Zolakwika zosakonzedwa zimakhala zoopsa makamaka munthu akamaika mapulogalamu ogawana pa Bluetooth kapena pa memore khadi, ochokera kosadziwika, zomwe zimachitika kwambiri kumene bandulo ndi yodula. Pulogalamu yoipa ikalowa pa foni yokonzedwa imakhala yotsekeredwa m'chipinda chake. Pa foni yosakonzedwa ikhoza kuthyola chipindacho.

Makompyuta a m'zipatala

Malawi ali ndi mbiri yakeyake pa mapulogalamu otseguka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake anayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe tsopano ndi Kamuzu Central Hospital. Ntchitoyi inakula n'kukhala Baobab Health Trust. Anatenga timakompyuta totsika mtengo totchedwa I-Opener, tomwe tinalephera malonda ku America, n'kutisintha kuti tigwire ntchito kuno. Anaikanso mabatire akuluakulu kuti magetsi akazima kulembetsa odwala kusaime, ndipo makina ankasindikiza kapepala komata m'kabuku ka kuchipatala. Mu 2006 anayamba kuyesa pulogalamu yotsata odwala olandira ma ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Inamangidwa pa zida zotseguka, Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, ndipo ambiri olemba ndi kukonza khodi yake anali Amalawi. Cha m'ma 2019 udindo wosamalira makinawa unapita ku bungwe la EGPAF, ndi ndalama za boma la America kudzera ku PEPFAR ndi CDC, ndipo afika m'zipatala mazanamazana.

Seva ya pa chipatala si chinthu choika kamodzi n'kuiwala. Ubuntu imatulutsa mtundu wosamalidwa nthawi yaitali mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo umalandira zigamba zaulere kwa zaka 5. Wa 20.04 nthawi yake inatha mu Meyi 2025. Kusamukira ku mtundu watsopano kumafuna kuyesa ngati pulogalamu ya odwala, makina osindikizira ndi owerengera timizere ta pa kapepala zigwirabe, kusunga kope ya mbiri ya odwala, kenako kufikira seva iliyonse, pa netiweki kapena pa galimoto. Ku chipatala cha kumudzi chimene msewu wake umavuta nthawi ya dzinja, ulendo umodzi wa katswiri ndi mafuta, alawansi ndi tsiku lathunthu.

Pa 20 Januwale 2025 Pulezidenti Donald Trump anasaina lamulo loimika thandizo la America ku mayiko akunja kwa masiku 90, ndipo pa 24 Januwale mabungwe olandira ndalamazo anauzidwa kuti aleke kaye ntchito. Chilolezo chapadera chimene chinatsatira chinali cha mankhwala ndi chithandizo chopulumutsa moyo. M'dziko limene anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi kachilombo ka HIV, n'zomveka kuti maso onse anali pa mankhwala. Malipiro a munthu amene amaika zigamba pa seva ndi ovuta kuwatchula kuti ndi opulumutsa moyo, chifukwa iye akasiya ntchito lero seva siifa lero. Imayendabe miyezi, mpaka tsiku limene batire yatha mphamvu kapena disiki yadzaza. Zikatero azaumoyo amabwerera ku makadi ndi mabuku, mzere umatalika, ndipo kudziwa amene sanabwere kudzatenga mankhwala kumachedwa.

Apa ubwino wa khodi yotseguka ndi weniweni koma uli ndi malire. Wopereka thandizo akachoka, khodi imatsala ndipo palibe kampani ingatseke makina chifukwa cha laisensi. Boma likhoza kulemba ntchito anthu omwewo kapena ena kuti apitirize. Akatswiri alipo, ophunzira ku University of Malawi, MUBAS, MUST ndi Mzuzu University. Chimene laisensi siipereka ndi malipiro awo.

Anthu a kumudzi nkhaniyi amaidziwa kale kudzera pa mjigo. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'Malawi, inachokera pa ina yotchedwa Maldev yomwe inayesedwa m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mapulani ake ndi otseguka, kampani iliyonse ikhoza kuipanga, ndipo anaikonza mwadala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola ndodo ndi kusintha malabala okha. Komabe mijigo yakufa ilipo yambiri, ndipo chimene chimasowa si mapulani. Chimasowa ndi komiti yosonkhetsa ndalama, sitolo yapafupi yogulitsa zipangizo, ndi mekaniki woti abwere.

Makompyuta akale

Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kupereka zigamba zanthawi zonse za Windows 10. Windows 11 imafuna zitsulo zimene makompyuta ambiri opangidwa 2017 isanafike alibe, ndipo makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito, amene amafika m'sukulu ndi m'maofesi a kuno ngati mphatso kapena pa mtengo wotsika, ambiri ndi a zaka zimenezo. Linux imatha kuwapatsa zaka zina zingapo. Koma nayonso ikutaya zakale: Debian 13, yotuluka pa 9 Ogasiti 2025, inasiya kupereka kernel ndi pulogalamu yoikira ya makompyuta a 32-bit. Eni makompyuta otere angakhalebe pa Debian 12, yomwe ikuyembekezeka kusamalidwa mpaka pakati pa 2028.

Mkangano wa zotseguka ndi zotseka

Ena amati boma ndi bwino lizigula mapulogalamu a makampani, poti pamakhala wina womuimba mlandu zinthu zikavuta. Zochitika zaposachedwa sizikugwirizana kwenikweni ndi maganizowa. Pa 19 Julayi 2024 zosintha zolakwika za kampani ya CrowdStrike zinagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni padziko lonse, n'kuimitsa ndege, mabanki ndi zipatala. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona zolowa ndi kutuluka inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo analowedwa ndi akuba a pa intaneti ofuna dipo, pamene ena anatsutsa n'kunena kuti gwero lake linali kusamvana ndi kampani imene inaika makinawo. Mbali zonse ziwiri zinkanena za chinthu chimodzi, kuti boma linalibe ulamuliro wokwanira pa makina ake. Kwa mnyamata wa ku Mangochi wodikira pasipoti kuti apite ku South Africa, kuchedwako kunali kwa ndalama zenizeni.

Komanso n'kulakwa kunena kuti Linux ndi yaulere ndiye yotsika mtengo m'zonse. Ndalama ya laisensi imapulumuka, koma ya anthu, maulendo, mabatire ndi intaneti imakhalapobe chaka ndi chaka, ndipo ndi imene imavuta kuipeza, chifukwa opereka thandizo ndi andale omwe amakonda kutsegulira chinthu chatsopano kusiyana ndi kulipira chisamaliro cha chakale. Malamulo a Malawi afikapo pang'ono pa nkhaniyi. La 2016 lokhudza malonda a pa intaneti ndi chitetezo chake linakhazikitsa gulu loona za ngozi za makompyuta pansi pa MACRA, ndipo la 2024 loteteza mbiri ya anthu likufuna kuti osunga mbiriyo aziiteteza moyenera. Seva ya odwala imene yakhala zaka osalandira zigamba ndi yovuta kuinena kuti ikutetezedwa moyenera.

Nawonso dongosolo lowerengera zolakwika padziko lonse limadalira ndalama za ena. Mu Febuluwale 2024 osamalira kernel anapatsidwa mphamvu zopereka okha manambala a CVE, omwe ndi manambala olembera zolakwika za chitetezo, ndipo kuyambira pamenepo apereka masauzande. Uthenga wawo ndi woti kusankha chigamba chimodzichimodzi n'kosathandiza, chofunika ndi kutenga zosintha zonse za mtundu umene ukusamalidwa. Mu Epulo 2025 kontrakiti ya boma la America yolipira bungwe la MITRE, losunga kaundula wa CVE, inatsala maola ochepa kuti ithe isanawonjezeredwe miyezi 11.

Kudziwa pamene foni yafika

Foni iliyonse ya Android imasonyeza tsiku la chigamba chomaliza cha chitetezo chimene inalandira. Limapezeka mu Settings, pa About phone, pafupi ndi pamene palembedwa mtundu wa Android, ndipo pomwepo kawirikawiri pamaonekanso nambala ya kernel. Tsikulo likakhala la miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, foniyo ikusamalidwabe. Likakhala la zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo kusaka zosintha sikukubweretsa kanthu ngakhale bandulo ilipo, ndiye kuti wopanga anaisiya, ndipo zolakwika za kernel yake zimene zakonzedwa kugwero kuchokera tsiku limenelo zikadali momwemo.